MBIRI YA MPANDA KU PALABANA

Munthu wocoka ku Lusaka kumka ku Palabana, kum'mawa kwa mzindawo m'boma la Chongwe, amaona mipanda ya mitundu itatu asanafike kumene akupita. Amaona mpanda wa udzu wozinga bafa la m'mudzi. Amaona waya waminga wotambalala m'mbali mwa pulazi. Ndipo amaona khoma la mabuloko, lalitali kuposa munthu, lozinga puloti imene mwina mulibe ndi nyumba yomwe. Mipanda itatuyi siinabadwe tsiku limodzi. Uli wonse uli ndi nyengo yace, ndipo uli wonse umaulula zinthu ziwiri za mwini wace: cimene iye amaopa, ndi umo amaionera nthaka imene akhalapo. Anchito a ku migodi ndi anthu a m'matauni, amene akusunga ndalama kuti akagule malo kunja kwa mzinda, adzacita bwino kumva mbiri imeneyi asanakumbe dzenje loyamba.

MPANDA WA MAKOLO

Dziko limene muli Palabana ndi la Asoli, anthu a Mfumu yaikuru Nkomeshya. Kale, Azungu asanafike, Msoli sanali kuzinga nyumba yace, monganso Mcewa ndi Mnsenga sanali kuzinga zao. Mudzi unali bwalo limodzi. Nyumba zinali kuyang'anana, ndipo mwana wocoka pakhomo pa amace anali kufika pakhomo pa ambuye ace osatsegula cipata ciri conse. Cimene makolo anali kuchinga ndi ziweto ndi cakudya. Khola la mbuzi, ndi la ng'ombe kwa amene anali nazo, linali la mitengo yozikidwa mothithikana, ndi nthambi za minga kunja kwace, kuti fisi ndi nyalugwe alephere kulowa. Dimba la kudambo analizinga ndi bango kapena nthambi kuopa mbuzi za m'mudzi momwemo. Munda wa m'mphepete mwa chire anaucinjiriza kwa nguluwe ndi nungu. Mpanda wa udzu unali wa posambira, kubisa thupi la munthu.

Kamangidwe kace kanali ndi nthawi zace. Akatha kukolola, akazi anali kumweta tsekera moto wa lupsa usanadze. Amuna anali kudula mizati ndi kusenda luzi la mombo, naliviika m'madzi kuti lifewe. Anali kudziwa mitengo: muwanga ndi wolimba ndipo ciswe cimaulephera, mlombwa, ukadulidwa waciwisi ndi kuzikidwa mvula iri pafupi, umaphuka ndi kukhala mzati wamoyo, nkhadze imamera msanga ndipo ziweto siziikonda, koma utomoni wace ukagwa m'diso umaocha ngati moto. Mzati wa mtengo wofewa anali kuuwaula kutsinde asanauzike, kuti ciswe ndi cinyontho zicedwe kuudya.

Mpanda wotere sunali kukhalitsa. Pakapita mvula ziwiri kapena zitatu udzu unali kuyoyoka, luzi kuduka, mizati kupendama. Koma panalibe wodandaula, pakuti zomangira zinali pafupi ndiponso zaulere. Mwini mpanda anali kuitana anzace, nawaphikira mowa, ndipo dzuwa lisanalowe nchito inali itatha. Ndico cifukwa cace akuru anati mutu umodzi susenza denga.

Cacikuru n'cakuti mpanda wa makolo sunali kunena kuti nthaka iyi ndi ya uje. Nthaka inali m'manja mwa mfumu ndi nyakwawa zace, amene anali kugawira munthu polima ndi pomanga. Munthu anali mwini wa mbeu zace, koma akakolola, ziweto za mudzi wonse zinali kulowa m'munda kudya mapesi. Njira ya kucitsime, ya kumanda ndi ya kwa mfumu siinali kutsekedwa ndi munthu ali yense.

Mpanda woopa anthu unalipo umodzi wokha, ndiwo linga. Angoni ataoloka Zambezi mu 1835, ndiponso pamene Acikunda a kwa Kanyemba ndi a kwa Matakenya anali kukwera kucokera ku Zumbo kufuna minyanga ndi akapolo, midzi yambiri ya pakati pa Zambezi, Luangwa ndi nyanja ya Malawi inadzizinga ndi mitengo yaitali, kwina ndi makoma a dothi. Dzina lakuti Linga likali pa tauni ya Nkhotakota kufikira lero. Koma linga linali la mudzi wonse. Abale ndi anansi onse anali m'kati, ndipo mdani yekha ndiye anali kunja. Nkhondo zitatha malinga anagwa, ndipo anthu anabwerera ku bwalo lao losatseka.

WAYA WAMINGA

Mpanda waciwiri unacokera kutali. Mu 1874 mlimi wina wa ku DeKalb, m'cigawo ca Illinois ku America, dzina lace Joseph Glidden, analandira cikalata ca boma comuzindikira kuti ndiye mwini luso la waya wopota wokhala ndi minga. Kumeneko kunali zigwa zazikuru zosowa mitengo, ndipo waya uja unapatsa alimi njira yozingira malo akuru ndi mizati yocepa. Posacedwa unafika ku South Africa. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, ya 1899 mpaka 1902, asilikari a Cingerezi anautambalitsa mitunda yaitali kuti atsekereze adani ao. Citsulo copangira ng'ombe cinaphunzira msanga kutsekereza anthu.

Njanji yocokera kumwera inafika pa mudzi wa nyakwawa Lusaaka mu 1905, ndi ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, mu 1906. M'mbuyo mwa sitima munabwera alimi acizungu, ena mwa iwo Mabunu, amene anapatsidwa mapulazi ndi Kampani ya British South Africa, imene inali kulamulira dziko masiku amenewo. Mu 1924 Boma la ku England linatenga ulamuliro m'manja mwa Kampani. Mu 1926 linatuma akuru ena kukayendera dziko la m'mbali mwa njanji, ndipo malamulo a mu 1928 ndi 1929 anagawa nthaka pawiri. Nthaka yabwino ya kufupi ndi njanji, monga mailosi 20 mbali iyi ndi mailosi 20 mbali inayo, inachedwa Crown Land ndi kusungidwira Azungu. Eni dziko anawapatsa zigawo zochedwa Native Reserves, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa. Likulu la Northern Rhodesia litacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, nthaka ya Asoli yozungulira mzinda watsopano inakwera mtengo koposa.

Apa ndipo waya unayamba kunena mau acilendo m'dziko la Nkomeshya. Mzungu wa pulazi anali ndi cifukwa comveka comangira mpanda: ng'ombe zace za mkaka ndi za nyama zinali kufa ndi matenda a nkhupakupa zikasakanizana ndi ng'ombe zina, ndipo msipu wogawidwa m'zigawo umapuma ndi kuphukanso. Koma waya womwewo unadula njira zakale. Unatseka pomwera ziweto. Kwina unasiya manda a makolo m'kati mwa pulazi. Munthu wodutsa pamene atate ace anali kudutsa anasanduka wolakwa, ndipo mbuzi yolowa pansi pa waya inali kugwidwa kufikira mwini wace atalipira. Mpanda wa udzu unali kuti, "Muno muli mbeu za munthu." Waya unati, "Nthaka ino, ndi udzu wace ndi madzi ace, ndi ya munthu mmodzi, dzinja ndi malimwe."

Ndiponso waya sunali kuyenda wokha. Patsogolo pace panali kuyenda wopima malo, amene anali kukhomera citsulo m'simenti pa ngodya iri yonse ya pulazi. Cizindikiro cimeneci, cimene anthu amacicha bikoni, ndico cinali malire eni-eni pamaso pa Boma, ndipo waya unali kungotsata. Mu 1947 Boma linabwezera anthu akuda gawo lalikuru la nthaka imene Azungu sanaigwiritse nchito, naicha Native Trust Land, koma mapulazi a kufupi ndi Lusaka anakhalabe m'waya. Mu 1949 linapanga lamulo la mipanda ya pakati pa mapulazi oyandikana, lonena za kugawana mtengo wa kumanga ndi wa kukonza. Cotero ngakhale lamulo la Azungu linabvomera cimene makolo anali kudziwa kale, kuti mpanda uli ndi mbali ziwiri, ndipo kuseri kwace kuli munthu.

Omanga mipanda ya mapulazi anali anthu akuda: Asoli, Alenje, Ansenga, Acewa a ku Fort Jameson ndi ocokera ku Nyasaland. Iwo ndiwo anaphunzira luso limene adzukulu ao akali nalo. Anaphunzira kuti mphamvu ya mpanda wa waya iri pa mzati wa pangodya, umene uyenera kukhala wonenepa, wozikidwa mozama ndi wocirikizidwa ndi mtengo wopendama, pakuti ndiwo usenza kukoka kwa waya wonse. Anaphunzira kukoka cingwe kuti mzere uongoke, kusinja dothi m'dzenje pang'ono-pang'ono osati lonse nthawi imodzi, kukunga waya kufikira utalira ukamenyedwa, ndi kusakhomera msomali wopinda mpaka kuluma waya, kuti waya upeze mpata wofutukuka dzuwa likatentha. Anaphunziranso kuti mdani wamkuru wa mizati ndi moto wa mwezi wa September ndi October, ndipo caka ndi caka anali kulambula udzu mbali zonse ziwiri za mpanda.

Si zonse zimene zinabwera ndi mapulazi zinali zabwino. Citsamba ca lantana, cocokera ku America, cinabzalidwa m'maiko ambiri a Africa monga mpanda wa maluwa okongola. Mbalame zinadya zipatso zace ndi kumwaza mbeu ponse-ponse. Lero cimalanda msipu, ndipo ng'ombe ikadya masamba ace imadwala ciwindi ndi kusupuka khungu. Wobzala mpanda wamoyo ayenera kufunsa poyamba ngati mpandawo udzakhala pamene aubzala.

NYUMBA YA ENI SIZINGIDWA

M'tauni nkhani inali ina. Mu 1931 Professor Stanley Adshead anajambula mzinda wa Lusaka kuti ukhale wa mitengo ndi maluwa, ndipo nyumba za Azungu a Boma ku Ridgeway zinazingidwa ndi mipanda ya zitsamba zometedwa. Koma m'makomboni, monga ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Matero, nyumba zinali za Khonsolo kapena za olemba nchito. Ku migodi zinali za kampani. Nchito ikatha, nyumbanso yatha, ndipo munthu anali kuyembekezeka kubwerera kumudzi. Ndani akanataya ndalama zace kuzinga nyumba imene mawa adzalowamo wina? Wakhama anali kubzala kampanda ka zitsamba kuchinga ndiwo zace kwa nkhuku za mnzace, basi. Ana a m'komboni anakula monga ana a kumudzi, akudutsa kuseri kwa nyumba iri yonse.

KHOMA LA MABULOKO

Dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti nthaka yonse ikhale m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, kuti eni mapulazi akhale obwereka kwa zaka 100, ndi kuti nthaka yopanda kanthu isagulitsidwe. Nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa. Nchito zinacepa, zinthu zinasowa m'masitolo, umbala unakula m'matauni, ndipo amene anali ndi kanthu anayamba kuzula zitsamba ndi kumanga makoma, nabzala magalasi osweka pamwamba pace.

Zinthu ziwiri zinafulumiza nchitoyi m'masiku a Pulezidenti Frederick Chiluba. Coyamba ndi lamulo la nthaka la mu 1995, limene linalola kuti nthaka ikhale ndi mtengo pa msika, ndi kuti malo a kwa mfumu asandulike a cikalata ca zaka 99, mfumu ndi Khonsolo akabvomera. Caciwiri ndi kugulitsa nyumba za Khonsolo kwa okhalamo, kuyambira mu 1996, ndi nyumba za migodi kwa anchito a ZCCM pamene migodi inali kugulitsidwa. Munthu amene atate ace sanazinge nyumba cifukwa inali ya eni, tsopano anali ndi yace-yace, ndipo cinthu coyamba cimene anagula ndi simenti.

Mzinda wa Lusaka unakula kufikira kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu oposa 2 miliyoni. Malo atasowa m'kati, anthu anayang'ana kum'mawa. Palabana, kumene kunadziwika cifukwa ca sukulu ya Boma yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka, kunayamba kufika ogula malo: anchito a Boma, amalonda, ndi opuma nchito a ku migodi ndi ndalama zao za penshoni. Mapulazi ena anadulidwa-dulidwa kukhala mapuloti. Mfumu yaikuru Nkomeshya Mukamambo II, imene inalowa ufumu mu 1971, inalankhula kawiri-kawiri kukana kuti mzinda umeze dziko la Asoli, ndi kucenjeza nyakwawa zogulitsa nthaka mwamseri.

M'malo otere khoma linalandira nchito imene mpanda wa makolo sunaidziwe. Ambiri amamanga khoma nyumba isanayambe, osati kuopa mbala, pakuti m'katimo mulibe coba, koma kuopa kuti puloti ingagulitsidwe kawiri, kapena kuti mnansi angasunthe malire mwini ali kutali ku Kitwe kapena ku Solwezi. Khoma lasanduka mboni. Pamwamba pace ena amaika waya wa magetsi. Waya umenewu unakonzedwa ndi alimi, mmodzi wa iwo Bill Gallagher wa ku New Zealand m'zaka za m'ma 1930, kuti uchinge ziweto. Monga waya waminga uja, unayamba ndi nyama numalizira pa anthu. Ndipo m'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba ndi magetsi kumazima maora ambiri pa tsiku, eni ace anaona kuti waya wopanda batire yabwino uli cimodzi-modzi ndi cingwe coyanikira zobvala.

Khoma liri ndi mabvuto ace. Udzu ndi waya zimalola madzi a mvula kudutsa, koma khoma limawaimitsa. Lopanda mabowo kunsi limasanduka damu: madzi amadzaza pabwalo la mwini kapena la mnansi, kufikira tsiku lina khoma ligwa, ndipo likagwa siliyang'ana ngati pali mwana pansi pace. Lomangidwa pa dothi lakuda la kudambo, limene limatupa dzinja ndi kung'aluka malimwe, limasweka ngati maziko ali osazama. Lalitali lopanda zipilala pakati-pakati limagwa ndi mphepo. Mabuloko oumbidwa ndi simenti yocepa amafumbutuka m'manja. Ndipo lomangidwa kunja kwa mabikoni, pa malo a mseu kapena a mnansi, lingathe kugumulidwa ndi lamulo, ndi penshoni ya zaka 30 kusanduka mulu wa zibuma.

Palinso bvuto lina limene womanga saliona pa tsiku lomanga. Mai wa m'mudzi amene anali kudutsa pamenepo kumka kucitsime tsopano amazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Ng'ombe zimene zinali kudya mapesi zimapeza cipata ca citsulo. Ndipo mwini khoma, usiku umene mbala zidzalumpha, adzapfuula m'kati mwa linga lace, koma anansi amene sanawapatsepo moni sadzadziwa kuti akulira ndani. Linga la makolo linali kusonkhanitsa mudzi m'kati. Linga la lero limasiya mudzi kunja.

CIMENE MBIRI IMAPHUNZITSA

Palibe amene angabwezere Palabana ku masiku a tsekera ndi luzi, ndipo munthu wogula malo ndi thukuta lace ali ndi ufulu wowazinga. Koma nyengo zitatu za mpanda zasiya malangizo amene sanakalambe.

Nyengo ya waya inasiya bikoni. Wanzeru amayamba wapeza mabikoni ace onse, ndipo akasowa amaitana wopima malo wobvomerezedwa ndi Boma, osati kukhulupira cala ca wogulitsa. Ngati malo ali a kwa mfumu, amaonana ndi nyakwawa ndi mfumu pamaso pa mboni. Ngati ali a cikalata, amafunsa ku Khonsolo za kukula kwa mseu ndi za cilolezo asanagule thumba la simenti. Inasiyanso luso la mzati wa pangodya, ndi mwambo wolambula udzu moto usanafike.

Nyengo ya khoma yaphunzitsa, ndi misozi ya ena, kuti madzi ayenera kupatsidwa njira, kuti maziko afike pa nthaka yolimba, ndi kuti mng'alu waung'ono wa mwezi wa October ukonzedwe mvula ya December isanaupeze.

Nyengo ya makolo inasiya phunziro loposa onsewa. Iwo anali kuyendera mpanda caka ndi caka, podziwa kuti ciswe sicipita ku chuthi, ndipo sanali kuzika mzati mnansi asakudziwa. Munthu amene aitana mnansi wace kudzagwira mbali ina ya cingwe pa tsiku loyesa mzere, amene asiya kanjira ka kucitsime kumbali kwa puloti, amene acotsa cipewa kwa nyakwawa ya mudzi umene waupeza, ameneyo wagula mlonda amene simenti singagule. Akadzabwerera ku nchito ku migodi, ndipo mphepo ikadzagwetsa mbali ina ya mpanda wace, padzapezeka munthu womutumizira mau.